Chaputala chija agogo ankachilumpha

Agogo anga aakazi ankawerenga Buku Lopatulika madzulo aliwonse pa koloboyi, chala chikutsata mzere. Akafika poti uje anabala uje, uje anabala uje, ankanyambita chala n'kutembenuza tsamba. "Amenewa ndi a eni ake," ankatero. Ine ndinatengera komweko. Genesis 10, chaputala cha mibadwo ya ana a Nowa, Semu, Hamu ndi Yafeti, ndakhala ndikumulumpha ngati chithaphwi cha pamsewu kwa zaka zonsezi.

Wandibwezako ndi mlaliki wina amene anatikwerera basi ya ku Mzuzu mwezi wathawu. Tisanafike ndi pa Mponela pomwe anali atatuluka thukuta, akutiuza kuti ife anthu akuda umphawi sudzatichoka chifukwa ndife ana a Hamu amene Nowa anawatemberera. Mayi wina wobereka mwana kutsogolo kwanga anavomera "Ameni" chapansipansi, ndipo Ameni ameneyo ndi amene anandiwawa kuposa ulaliki wonsewo. Ndinafuna kutsutsa koma ndinalibe pogwira. Munthu wolumpha machaputala angatsutse chiyani?

Nditafika ndinabwereka Baibulo kwa achemwali. Choyamba chimene ndinapeza n'chakuti pa Genesis 9:25 wotembereredwa ndi Kanani, osati Hamu, ndipo za khungu palibepo ngakhale liwu limodzi. Hamu ali ndi ana anayi: Kusi, Mizraimu, Puti ndi Kanani. Akanani sanali ku Africa. Ankakhala kumene lero kuli Israel, Palestine ndi Lebanon, oyandikana ndi Aisraeli amene ankalimbirana nawo minda ndi zitsime. Zikanathera pomwepo ndikanatseka buku, koma maso anatsetserekera m'chaputala 10, ndipo ndinagona nkhuku zitayamba kulira.

Mayina ambiri m'menemo si a amuna ai. Taonani mmene amathera: Kitimu, Ludimu, Anamimu, Kafitorimu. M'Chihebri kathero aka kamagwira ntchito ngati "A" wathu uja wa Achewa, Ayao, Alhomwe. Ndiye vesi likamati Mizraimu anabala Ludimu, likunena za mtundu wa anthu, osati khanda limene azamba analilandira. Mwana woyamba wa Kanani akuti ndi Sidoni, koma Sidoni ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja, ulipo mpaka lero ku Lebanon, eni ake amati Saida. Zili ngati wina alembe kuti Nyasa anabala Nkhotakota ndi Karonga. Wolembayo ankajambula mapu a dziko limene ankalidziwa, mitundu pafupifupi 70, koma m'malo mwa mizere ya malire anagwiritsa ntchito chibale, poti ndi mmene anthu a nthawi imeneyo ankayikira zinthu m'malo mwake.

Mizraimu ndi dzina la Chihebri la dziko la Egypt. Chimene chinandiseketsa ndekha usikuwo n'chakuti dzinali ndinalimvapo kale osazindikira. Anzathu ochita geni ku Kyela ndi ku Dar es Salaam amati Misri m'Chiswahili, kutengera Aarabu amene dziko lawolo amalitcha Misr mpaka pano. Aigupto wa m'Buku Lopatulika la agogo anadzera njira ina: ndi mawu a Agiriki, Aigyptos, amene akatswiri amati anachokera ku dzina la kachisi wa mulungu Ptah mumzinda wa Memphis. Alendo anamva dzina la kachisi m'modzi n'kulipereka ku dziko lonse.

Pa Kusi ndi pamene ndinakhalitsa. Kusi unali ufumu weniweni kumwera kwa Egypt, m'mbali mwa mtsinje wa Nile, m'dziko limene lero ndi Sudan. Likulu lake linali Napata, kenako Meroe, kumene mapiramidi awo adakaima. Cha m'ma 700 Yesu asanabadwe mafumu a Kusi anagonjetsa Egypt n'kulamulira ngati Afarao. M'modzi mwa iwo, Taharqa, ndi Tirihaka uja wa pa 2 Mafumu 19:9, amene mbiri yoti akubwera ndi nkhondo inamufika mfumu ya Asuri pamene inkaopseza Hezekiya. Uyu ndiye mwana wa Hamu amene mlaliki wanga uja akuti analengedwera ukapolo? Ayuda a ku Alexandria atamasulira malemba awo m'Chigiriki, m'malo ambiri Kusi anamulemba kuti Aithiopia, mawu amene Agiriki ankatchulira anthu a nkhope zopsa ndi dzuwa. Choncho Mwaitiopiya uja anabatizidwa ndi Filipo pa Machitidwe 8 mosakayika ankabwerera ku Meroe, chifukwa Kandake amene ankamusungira chuma si dzina la munthu koma udindo wa mafumukazi a kumeneko, monga ife timanenera kuti Kalonga kapena Gomani.

Ena ndingowatchula mothamanga. Yavani ndi Agiriki a ku Ionia, ndipo Aarabu mpaka lero Greece amati Yunan. Kitimu ndi mzinda wa Kition pa chilumba cha Cyprus, pamene pali Larnaca. Madai ndi Amedi a ku Iran. Hazaramaveti, dzina lothyola lilime lija, ndi Hadramawt ku Yemen. Asikenazi, mdzukulu wa Yafeti, dzina lake linasamuka patapita zaka mazana ambiri: Ayuda analipereka ku Germany, n'chifukwa chake tikumva za Ayuda achi Ashkenazi.

Chibale chimenechi sichitsata magazi, sichitsatanso chiyankhulo. Akanani ankayankhula zofanana kwambiri ndi Chihebri, oti akanamvana pamsika, koma awayika kwa Hamu pamodzi ndi Mizraimu. Mwina n'chifukwa choti kwa zaka mazana angapo Kanani anali pansi pa Afarao; makalata amene anafukulidwa ku Amarna, ku Egypt, akuonetsa mafumu ang'onoang'ono a ku Kanani, ngakhale wa ku Yerusalemu, akulembera Farao modzichepetsa kupempha asilikali. Elamu, amene chiyankhulo chake sichigwirizana mpang'ono pomwe ndi Chihebri, ali kwa Semu. Ine ndikuona kuti wolembayo ankafunsa kuti ndani ali mbali ya ndani, osati ndani anayamwa bere la ndani.

Ndipo penapake chipongwe chilipo ndithu. Pitani ku Genesis 19 muone mmene Amoabu ndi Aamoni awabadwitsira: Loti ataledzera m'phanga, ana ake aakazi omwe. Ndi abale a Aisraeli, sangawakane, koma awapatsa mbiri yoti asamadzutse mutu pabwalo. Edomu naye akuti dzina analitengera pa mphodza zofiira zimene Esau anagulitsira ukulu wake. Aamoni otukwanidwawo dzina lawo silinafe: Amman, likulu la Jordan, ndi Raba wa ana a Amoni uja Uriya anaphedwa pa linga lake.

Ife zimenezi sitiyenera kudabwa nazo. Kwathu amati pa ulendo wa makolo ena anagona pamwamba pa phiri nakhala a Phiri, ena anabanda udzu m'munsi nakhala a Banda. Ine ndine wa kwa Banda, nthanoyi ndimayikonda, koma sindinaganizepo kuti inakambidwa kuti iyeze magazi a munthu. Imanena za amene ali ndi ufumu ndi amene ali ndi nthaka ndi mvula.

Amene anayamba kuyeza magazi ndi chaputala chimenechi ndi ena. Mu 1781 Mjeremani August Ludwig von Schlözer anatenga dzina la Semu n'kutchulira gulu la ziyankhulo monga Chihebri ndi Chiarabu. Pamenepo vuto linali lisanakule. Koma eni akapolo ku America anali akulalikira kale za temberero la Hamu, ndipo mu 1863 John Hanning Speke, pofotokoza ulendo wake wofufuza gwero la Nile, anaitembenuza nkhaniyo: ataona maufumu olongosoka ku Karagwe (Tanzania) ndi ku Buganda (Uganda) anati olamulirawo ayenera kuti ndi obwera kuchokera ku Ethiopia. Hamu yemwe uja tsopano anasanduka mlendo woyererako wobweretsa nzeru. Atsamunda ku Rwanda anawamata Atutsi chizindikiro chimenechi. Mu 1992 wandale Léon Mugesera anauza msonkhano kuti Atutsi kwawo ndi ku Ethiopia ndipo adzawabweza kudzera mumtsinje wa Nyabarongo. Mu 1994 mitembo inayandamadi mumtsinjewo. Kuno kumwera, Karl Mauch ataona makoma a Great Zimbabwe mu 1871 anathamangira kwa mfumukazi ya ku Seba ndi golide wa ku Ofiri, mayina a m'chaputala chomwechi, m'malo moganizira makolo a Akaranga okhala m'deralo. Zinatengera Gertrude Caton-Thompson kukumba pamalopo mu 1929 kuti atsimikizenso zimene David Randall-MacIver ananena mu 1905, kuti omanga anali eni dziko.

Mwana wa achemwali, amene ali Fomu 2, anandipeza m'mawa ndili ndi mapepala mbwee pamphasa. "Ndiye amalume, ife Achewa tili pa vesi liti?" Ndinamuuza kuti palibe, monganso palibe Matchaina kapena Amwenye. Mapu a wolembayo anathera ku Kusi ndi ku Yemen kumwera, ku Iran kum'mawa, ku zilumba za Agiriki kumadzulo. Anandiyang'ana ngati ndamumana ndiwo.

Baibulo limene ndinabwerekalo ndi la agogo lomwe lija, achemwali ndi amene analisunga. Masalimo anada bii ndi zala ndi utsi wa koloboyi, Yohane 14 anachita kumatidwa ndi selotepi. Tsamba la Genesis 10 ndi loyera ngati lagulidwa dzulo, kupatula pangodya pamene chala chinkanyowetsa potembenuza.