Chitseko cha dalaivala chomwe chimakana kukiyika masana

Loweruka loyamba

Ka Vitz kanga ndi ka 2007, kaja ka injini ya 1KR-FE ya masilinda atatu, kamene kanalowera pa Songwe kuchokera kudoko la Dar es Salaam ngati anzake ambirimbiri adzadza m'misewu ya Blantyre muno. Kandisunga bwino, ndisaname. Koma chiyambireni kutentha kwa Okutobala, chitseko cha dalaivala chayamba matama. M'mawa ndikadina rimoti, zitseko zonse zinayi zimayankhira limodzi. Masana galimoto ikapsa ndi dzuwa, zitatu zimakiyika, changachi chimangolira chapansipansi ngati mwana wa mphaka, kabatani kamkati n'kugwedera pang'ono n'kubwerera pomwe kanali.

Lachinayi lapitali ndinaimika ku Limbe, ndinadina rimoti n'kumapita osacheuka. Pobwera patatha ola lathunthu ndinangokoka chogwirira mwachizolowezi, chitseko n'kutseguka. Laputopu inali pansi pa mpando, ili phee. Nditafotokoza kunyumba, mayi a ana anangoti, "Abambo, ingopitani nayo kwa amakaniko musanatilowetse m'mavuto." Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinali nditasankha kale kuti Loweruka ndimasula ndekha.

Fyuzi sindinataye nayo nthawi, chifukwa ikanapsa zitseko zonse zikanakhala chete. Chimene ndinkakayikira ndi mawaya odutsa mu labala uja wa pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, poti amapindika tsiku ndi tsiku ndipo ena amaduka mkati khungu lili bwinobwino. Kuti ndiwayeze ndinayenera kuchotsa chivundikiro chamkati mwa chitseko. Pali kabauti kuseri kwa chogwirira, kena mumphako ya poika mkono, kwinako ndi tizipini ta pulasitiki tozungulira m'mphepete. Ndinasendera ndi sukuludiraiva yokulunga nsanza, koma titatu tinathyokabe. Pulasitiki wa zaka zonsezi amauma ngati chigwada.

Kuseri kuli pepala la pulasitiki lomatidwa ndi phula lakuda lonanda. Ili musaling'ambe, ndi limene limatchinga madzi amvula otsikira m'galasi kuti asanyowetse chivundikiro. Ndinalimatula theka n'kulipachika ndi selotepi. Pansi pa chitseko ndinapezamo fumbi lokwana kubzalamo tomato, timabowo totulutsira madzi titatsekeka, ndiponso kandalama ka 10 yen kofiirira. Kanagweramo bwanji, akudziwa ndi mwini wake wakale ku Japan. Mwana wanga wakalanda.

Multimeter, chida choyezera magetsi, inandipusitsa poyamba. Magetsi opita ku actuator, kachipangizo ka mota kamene kamakiya ndi kutsekula loko, sakhalitsa, amangophethira kosakwana sekondi, ndiye manambala asanakhazikike zonse zatha. Ndinaisiya n'kutenga babu laling'ono la mavoti 12, kulilumikiza ku mawaya awiri a mota pa pulagi. Kudina kukiya, lawala. Kudina kutsekula, lawalanso. Ndinagwedeza labala uja uku ndikudina, kuwala osasintha. Mawaya alibe mlandu. Vuto lili mu loko momwemo.

Lachitatu

Pa galimoto imeneyi actuator siili payokha, inamangidwa pamodzi ndi loko m'kabokosi kamodzi ka pulasitiki. Ndinapita ku Ndirande nthawi ya nkhomaliro kukasaka yochotsa pa galimoto ina. Mnyamata wina anavundukula thumba lonse, n'kundiuza kuti, "Madala, zakumanja sizigona pano, zikangofika zapita. Ndatsala ndi ya pasenjala." Ya kumanzere singalowe kumanja, zonse zinatembenuzidwa, ndipo pamwamba pake amalembapo LH kapena RH. Ndinaitengabe, titatsitsana mtengo, chifukwa chomwe ndikufuna ndi kamota kamkati. Tisanasiyane ndinamupempha tiyese pa batire. Anagunditsa mawaya, inadumpha mwamphamvu m'dzanja lake. Anatembenuza mawaya, inabwerera. Ndi mmene zimagwirira ntchito: mota ndi imodzi, kukiya ndi kutsekula kumangosiyana mbali yomwe magetsi alowera.

Loweruka lachiwiri

Lero ndiye linali tsiku lenileni. Ndinayamba 6 koloko dzuwa lisanakwiye, pansi pa mtengo wa mango. Choyamba kukweza galasi mpaka pamwamba, kenako kumasula waya wa negetivu pa batire ndi sipanala ya 10. Mukasemphanitsa ziwirizi mudzalumikizanso batire, monga ndinachitira ine.

Loko imagwidwa ndi mabauti atatu a Torx T30, aja a mutu wa nyenyezi, m'mphepete mwa chitseko. Ndi olimba, ndipo mutu wake suchedwa kudyeka mukagwiritsa ntchito chida chosayenera. Aneba anga, bambo wachikulire amene anayendetsa malole zaka zambiri, anabwera ndi kapu ya tiyi kudzaonerera, n'kunena kuti, "Achimwene, musalimbane nalo, ligogodeni kaye." Ndinaika T30 pa bauti, kumenya kawiri ndi hamala, ndipo linamasuka ngati silinakaneko. Palinso kalabala kozungulira m'mphepete momwemo. Mukakachotsa mumapeza bauti lina la T30 logwira poloweka kiyi, ndipo mukalimasula chonsecho chimasololoka panja. Mkati muli kanjanji koyendamo galasi, kogwidwa ndi bauti la 10, nako kayenera kuchoka kuti loko ipeze njira.

Zotsalazo ndi ntchito ya zala mumdima. Dzanja limalowa pabowo lachitsulo lakuthwa m'mbali, maso osaona chomwe chala chikugwira. Pali kandodo kachitsulo kochokera ku chogwirira chakunja, ndi zingwe ziwiri zonga za buleki ya njinga zopita ku chogwirira chamkati, china chotsekulira, china cha kabatani kokiyira. Ndinamata selotepi pa chimodzi kuti ndisadzasokoneze. Loko inatuluka nditaipendeketsa kangapo, pamodzi ndi khungu la pa nkhonya yanga.

Kabokosi kaja ndinakatsekulira pa thireyi ya tiyi, ndipo ndikuthokoza kuti ndinatero, chifukwa kasipuling'i kena kanadumpha n'kugwera momwemo. Pa udzu sindikanakaonanso. Ndinayamba ndi loko yogula ija kuti ngati n'kuphwanya ndiphwanye imeneyo. Timano ta pulasitiki tozungulira timafuna kutsekula kamodzikamodzi, uku mukulowetsa tizitsulo topyapyala kuti tomwe mwatsekula tisatsekekenso. Chivundikiro chitangochoka ndinajambula ndi foni ndisanakhudze kanthu. Chithunzi chimenecho ndinachiyang'ana mwina kakhumi.

Mkatimo mulibe zambiri. Kamota ndi kakang'ono ngati chala chachikulu, ka mtundu umene amautcha FC-280, kofanana ndi timota ta m'zidole za ana. Pa mpini wake pali giya yopota ngati bauti, imene imazunguza gudumu la pulasitiki, gudumulo n'kukankha kamkono kokiyira. Chitseko chonse chija chimadalira kameneka.

Kakale kaja ndinakaphwasula chifukwa cha chidwi chabe. Ndinawongola timakutu tiwiri tachitsulo n'kuzula chipewa chake. Pamkuwa pomwe timakala tolowetsa magetsi mu mota timakhudza panali bii, mwaye wosakanikirana ndi girisi, timipata tonse titadzaza, ndipo timakalato titatha mbali imodzi. M'chipewamo mulinso kachitsulo kopyapyala koteteza mota kuti isapse. Kakatentha kamachepetsa magetsi odutsa. Apa m'pamene ndinamvetsa nkhani ya m'mawa ndi masana ija: mota yotopa kale, chitseko chili ng'anjo, kotetezako n'kumaipatsa magetsi operewera. M'mawa kukuzizira inkakwanitsa movutikira, masana mphamvu n'kuithera panjira. Ena amakakulunga kachitsuloko ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya kuti magetsi azingodutsa. Zimagwiradi, koma ine ayi. Tsiku lomwe kamkono kadzakakamire, palibe chodzaletsa mota kupsa, ndipo idzapsera m'chitseko chodzadza pulasitiki.

Kamota ka m'loko yogula kanakhala m'malo mwake ndendende, giya yake yofanana. Ndinapukuta girisi wakale amene anali atauma ngati chiponde chogonera, n'kupakamo watsopano pang'ono pa gudumu pokha, kutali ndi mota.

Kubwezera kunatenga nthawi kuposa kuchotsa. Nditamanga mabauti atatu aja ndi kulumikiza batire, ndinatsala pang'ono kumenyetsa chitseko ndi chimwemwe, koma aneba anandigwira mkono. "Yesani chili chotsekula." Ndinakankha dzino la loko ndi sukuludiraiva mpaka linalira kawiri ngati chitseko chatsekedwa. Rimoti inakiya ndi kutsekula bwinobwino. Chogwirira chamkati chinamasula dzino. Ndinalikankhanso n'kukoka chakunja: lobodo, palibe chogwira. Kandodo kaja kanali katalowa pambali pa bowo lake. Ndinamasulanso mabauti onse atatu, mwana akuwalitsa tochi ya foni pakabowo ka m'mphepete, ine ndikumuuza kuti, "Iwe, walitsa kuno, osati kumaso kwanga." Kachitatu m'pamene kanalowa.

Galasi linali litaiwala kudzikwera lokha chifukwa chochotsa batire. Ndinalitsitsa, kulikweza n'kugwirabe batani masekondi angapo litafika pamwamba, basi linakumbukira. Wotchi ya pa wailesi ndiye sindinaikonzebe. Timabowo ta pansi ndinatitokosa ndi waya mvula isanayambe, pepala lija n'kulimatanso pa phula lake lomwelo. Tinamaliza cha m'ma 11, nsima ya masana isanapse.

Lolemba

Ndinaimika dala padzuwa kuntchito, osati pamthunzi pomwe ndimalimbirana ndi anzanga. Cha m'ma 2 koloko chitsulo chikuotcha dzanja, ndinatuluka n'kudina rimoti kasanu motsatizana. Kasanu konse chakiyika, ndipo tsopano chikulira mokweza kuposa zinzake. Pamsewu wafumbi wopita kwathu chivundikiro chikunjenjemera pakona pomwe panathyoka tizipini titatu, ndiye Loweruka ndibwerera ku Ndirande kukasaka tizipinito. Ndikafunsenso za kamota kena, chifukwa poyesa paja khutu langa lagwira chitseko chakumbuyo kumanzere chikuyankha mochedwerapo.