Chikondi Choyambiranso M'mawa Uliwonse

Sabata yatha ndinaoneranso filimu ya 50 First Dates, yomwe inatuluka mu 2004, ndipo ngakhale kuti ndinaseka monga kale, maganizo anga anatsalira pa bambo ake a Lucy. Drew Barrymore ndi amene akusewera ngati Lucy, mtsikana wa ku Hawaii yemwe chivulalireni m'mutu pa ngozi ya galimoto, amaiwala zonse za tsikulo akangogona. Usiku uliwonse bambo ake ndi mlongo wake amapaka penti yoyera pakhoma limene iye wajambulapo, n'kumuikiranso nyuzipepala yakale ija, kuti kukacha asazindikire kuti miyezi yapita. Kwa ine, chikondi chotopetsa chimenechi chikuposa nthabwala za Adam Sandler, amene akusewera ngati Henry, mnyamata womufunsira mwatsopano tsiku ndi tsiku.

Matenda a Goldfield, amene mufilimumo akuti ndiwo akuvutitsa Lucy, ndi opeka, koma vuto lolephera kusunga zinthu zatsopano m'mutu lilipodi. Mwachitsanzo, munthu wina weniweni wa ku America, Henry Molaison, atachotsedwa mbali zina za ubongo mu 1953 pofuna kuchepetsa khunyu, ankaiwala zinthu pakangopita mphindi zochepa, osati mpaka atagona. Kaseti ya vidiyo yokumbutsa m'mawa, ngati imene Henry wa mufilimu anakonzera Lucy kuti azidziwa zimene waiwala, sikanamufikitsa Molaison n'komwe masana.