Matimati a ku Alabama pa dimba la apongozi

Bukulo ndinaligula kwa anyamata oyala mabuku pansi ku Limbe, chikuto chitang'ambika theka. Ndi la Fannie Flagg, Fried Green Tomatoes at the Whistle Stop Cafe, lomwe linatuluka mu 1987. Nkhani yake imachitikira m'katauni kopeka ka Whistle Stop ku Alabama, kumwera kwa America. Sitima imadutsa pakhomo, aliyense amadziwa zomwe mnzake wadya dzulo, ndipo mayi wa ku positi ofesi amalemba miseche ya mudzi wonse m'kanyuzipepala ka mlungu ndi mlungu. Amayi awiri, Idgie ndi Ruth, ali ndi malo odyera, ndipo pa umphawi wa m'ma 1930 anthu osowa pogona, okwera sitima mozemba, ankadya pamenepo ulele. Mabuku otere amafewetsa mtima mpaka munthu umayamba kupereka moni kwa agalu.

Tsoka lake, kumapeto kwa bukulo kuli kaphikidwe ka zakudya za m'nkhanimo. Matimati osapsa, kuwadula mozungulira, kuwagubuduza mu ufa wa chimanga, kenako kukazinga m'mafuta a nkhumba. Ndinati ufa wa chimanga? Si mgaiwa womwewu?

Masamba amenewo ndinawafika tili kwa apongozi ku Ntcheu. M'mamawa anthu ali mtulo ndinatsikira kudimba ndi beseni, n'kuthyola matimati aakuluakulu, obiriwira, olimba gwa. Ofiirawo ndinkawalambalala monyoza. Ndinkati banja lonse lidzuke ndi chikondi cha ku Alabama.

Mgaiwa unakana kumata. Ndinathira timadzi, unasanduka phala. Nditaponya m'mafuta, anathetheka mpaka kundiwotcha pachipumi, utsi tolo m'khitchini monse. Zomwe zinatuluka zinali zakuda kunja, zaziwisi mkati, zowawasa zoti ukaluma diso limodzi limatsinzina lokha. Galu ananunkhiza n'kupita kukagona kuseri kwa nkhokwe.

Akazi anga anaima pakhomo atagwira m'chiuno. "Abambo, mwatani? Matimati amenewa amayi analandira kale ndalama kwa venda wa ku Lizulu. Amadikira kuti apse!"

Apongozi sanakalipe. Anakhala pamphasa chapatali n'kumayankhula kudzera mwa mwana wawo. "Afunseni abambowa, kwawo kuli njala?"

Masana, pofuna kukonza mbiri, ndinagula nyama ya nkhumba yootcha, ndipo tikudya ndinayamba kuwafotokozera kukoma kwa bukulo: anthu okondana, odyetsa alendo, osataya mnzawo pamavuto. Ankagwedeza mutu, zikuyenda. Pakamwa panga sipanadziwe poimira. Ndinafika pamene mwamuna wankhanza wa Ruth, Frank Bennett, anaphedwa, mtembo wake n'kuwotchedwa pamodzi ndi nyama ya pamalo odyerawo, wapolisi wofufuza mlanduwo n'kudya nyamayo akuyamikira.

Apongozi anayang'ana nthuli yomwe inali m'manja mwawo, n'kuibweza m'mbale pang'onopang'ono.

Matimatiwo ndinalipira pa mtengo wa akupsa. Tikutsanzikana, anakokera mwana wawo pambali, koma mawu anakweza dala kuti ndimve. "Bukulo mulisiye konkuno, ndilisunge ine. Abambowa akaliwerenganso, mu Disembala ndidzabwera ndi kamba wangawanga."