Ma shot 41 anafufutidwa Lachitatu madzulo

Lolemba m'mawa pa dailies, msonkhano wa tsiku ndi tsiku woonetsana ntchito ya filimu ya makatuni yomwe tikupanga, tinaonetsa shot (kachidutswa kafupi ka filimu) ya nambala 36, supervisor n'kungogwedeza mutu kuti ipite ku lighting, kwa oika kuwala. Sequence yathu, chigawo cha filimu chomwe tinapatsidwa, inali ndi ma shot 41, ndiye kuti anatsala 5 okha, onse ali kale pa polish, kusalaza komaliza. Ndinalonjeza gulu langa kuti tikamaliza Lachisanu ndigula nyama tikaotche. Tinali titakhala pa sequence imeneyi masabata 9, anthu 6, kuti titulutse mphindi 2 ndi masekondi 50. Anzanga a ntchitoyi mukudziwa kuti amenewo ndi ma frame, kapena kuti zithunzi, 4,080, ndipo palibe ngakhale imodzi yomwe inadutsa osayang'anidwa ndi diso la munthu.

Ndili ku Cape Town, chaka cha 8 tsopano, pa situdiyo ina yomwe imagawiridwa zigawo za mafilimu a makatuni ndi makampani akuluakulu akunja. Ndine lead animator, wotsogolera gulu la oyendetsa makatuni. Panopa tikupanga filimu yachiwiri, yotsatira ina yomwe inawapezetsa ndalama zambiri eni ake ku America. Dzina lake sinditchula, tinasainira kuti sitidzaulula.

Sequence yathuyo inali ya gogo ndi mdzukulu wake. Mwana wabwera kudzatsanzika, gogoyo wakhala pansi, sakuyankha, kenako akudzuka. Basi. Mulibe kuthamangitsana, mulibe nthabwala. Dayirekitala wathu, mayi amene anayamba ndi nkhaniyi zaka 3 zapitazo, ankati filimu yonse yatsamira pamenepa. Shot yodzukayo, ya masekondi 11, ndinaitenga ndekha. Reference, vidiyo yoonerapo kayendedwe, yomwe anatitumizira inali ya mtsikana wa ku ofesi kwawo akudzambatuka pa kapeti ngati ali pa masewera olimbitsa thupi, ndipo ndinaikana. Ndinaimbira mchemwali wanga ku Ntcheu kuti ajambule agogo pa foni akudzuka pamphasa, anditumizire pa WhatsApp. Nkhalamba sidzuka molunjika. Agogo amayamba atsamiritsa dzanja pansi, n'kutembenuza thupi lonse ngati akufuna kukwawa, n'kuimika bondo limodzi, kuligwira ndi manja awiri, kupuma kaye, kenako n'kuweramuka pang'onopang'ono. Akaima sayenda nthawi yomweyo, amayamba akonza chitenje. Rig yathu, mafupa oyendetsera katuni pa kompyuta, sinkatha kupinda chiuno choncho osasokoneza mesh, khungu la katuniyo, ndiye ndinawapanikiza a rigging masabata awiri mpaka anaikonza. Tsiku lomwe dayirekitala anaiona pa review anakhala duu kwa kanthawi, kenako anati pasakhudzidwenso. Pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchitoyi, palibe shot yomwe ndinainyadira ngati imeneyo.

Lachiwiri linali la masiku onse. Render farm, makompyuta otulutsa zithunzi zomaliza, yodzaza, ma shot athu ali pamzere kumbuyo kwa ntchito ya otsatsa malonda, a lighting akudikira mpaka usiku. Makina owonjezera tinawapempha chaka chatha, mpaka lero sanagulidwe. Chomwe chinkandisowetsa mtendere chinali china. Pafupifupi mwezi wathunthu ndemanga zinkabwera kuchokera kwa producer yekha, zazifupi, zongovomereza. Mayi uja sankavomereza shot osafunsako kanthu, ngakhale kaphethiridwe ka diso. Ndinafunsa kawiri, n'kuuzidwa kuti watanganidwa ndi ojambula mawu.

Lachitatu masana kunabwera imelo yoti tonse tisachoke, kuli msonkhano wa pa vidiyo. A ku America akamalowa mu ofesi 9 koloko m'mawa, kuno imakhala 6 koloko madzulo, ndiye tinazolowera kuweruka mdima utagwa. Tinadzaza m'chipinda cha review. Pa sikirini panaoneka producer wa ku America ndi bambo wina yemwe sitinkamudziwa. Mayi uja panalibe. Producer anawerenga papepala kuti mayiyo wasiyana maganizo ndi kampani pa momwe nkhani iyendere, kuti akumuthokoza kwambiri, ndi kuti bamboyo ndiye dayirekitala watsopano. Anati pakhala kusintha pang'ono. Anawonjezera kuti tsiku lotulutsira filimu silisuntha.

Iye akulankhulabe, mtsikana wa m'gulu langa anandikodola n'kundionetsa laputopu. Ndi wa ku Gqeberha, aka n'koyamba kugwira filimu yaitali, ndipo amanditchula kuti bhuti, ndiye kuti achimwene m'chiyankhulo chakwawo. Anali atatsegula ShotGrid, pulogalamu yomwe timalondolera pomwe shot iliyonse yafika. Ma shot athu anali akusintha mtundu mmodzimmodzi, kuchoka pa approved (yavomerezedwa) kupita pa omit (yachotsedwa m'filimu). Wina wake kumeneko anali akudina ife tikumvetsera za kusintha pang'ono. Tinayang'ana mpaka onse 41 anatha. "Bhuti, ndi anga omwe?" Ndinalibe choyankha. Ake anali 7, ndipo atatu mwa iwo anawamaliza Loweruka ndi Lamlungu lomwe langopitali, dzanja lili lomanga chifukwa cha ululu wa pamkono.

Atatha kulankhula anationetsa animatic yatsopano ya gawo loyamba la filimu, ndiye kuti zojambula za nkhani (ma storyboard) zolumikizidwa ngati vidiyo yoyeserera. Apa ndi pomwe mtima wanga unayamba kuwira. Inali animatic yokonzedwa bwino, ma storyboard oyera, mawu ongoyembekezera ataikidwa kale, nyimbo zilimo. Chinthu chotero sichipangika usiku umodzi. Pakona pake panali deti, ndipo detilo linali la masabata 5 apitawo. Ndiye kuti ife tikulimbana ndi chiuno cha gogo, tikulanda anthu Loweruka lawo, m'chipinda china anthu anali atamuchotsa kale gogoyo m'nkhani.

Msonkhano utatha ndinapita kwa production manager wathu. "Bwana, inu munadziwa liti?" Anayamba kundiuza za chinsinsi cha kasitomala. Ndinabwereza funso. Anavomera kuti anauzidwa masabata 3 apitawo, n'kulamulidwa kuti asanene mpaka maloya amalize zokambirana ndi mayi uja. Anandiuzanso chomwe ndinkachidziwa kale, kuti situdiyo yathu imalipidwa shot ikavomerezedwa, ndipo tikanaimitsa sequence yosamaliza ndalama ya mwezi uno sikanabwera. Ndikumvetsa. Malipiro athu amachokera pomwepo, ndipo pemiti yanga yokhalira kuno imadalira kontirakiti yomweyo. Koma ndinamufunsa chinthu chimodzi: ngati zinali choncho, anavomerezeranji kuti mwana uja abwere Loweruka ndi Lamlungu? Akanatha kunena kuti ma shot otsalawo adikire Lolemba, osaulula chilichonse. Anayang'ana pansi. Kusintha dayirekitala si iye anasintha, izo ndi za akuluakulu kutsidya kwa nyanja. Koma kusaina fomu ya ovataimu ya munthu wodwala dzanja, uku ukudziwa kuti ntchitoyo ikukatayidwa, anachita yekha ndi cholembera chake.

Pamsonkhano paja dayirekitala watsopano anafuna kutilimbitsa mtima ndi nkhani ya Toy Story 2, filimu ya kampani ya Pixar. Aliyense wa ntchitoyi amaidziwa. Inayamba ngati filimu yongogulitsidwa pa vidiyo, kenako John Lasseter atamaliza A Bug's Life anaitenga, nkhani n'kukonzedwanso kwambiri, ndipo m'miyezi pafupifupi 9 inamalizidwa n'kutuluka mu November 1999. Inakhala filimu yabwino zedi, palibe amatsutsa. Koma mabwana akamaifotokoza amalekezera pamenepo. Ed Catmull, yemwe ankatsogolera Pixar, anavomera yekha kuti pomaliza filimuyo munthu mmodzi mwa atatu alionse anali atavulala manja, mikono kapena msana chifukwa chogwira ntchito mosapuma. Anasimbanso za bambo wina wotopa amene anaiwala khanda lake m'galimoto pamalo oimika magalimoto, poganiza kuti walisiya kale kosungira ana. Khandalo linapulumuka. Munthu akamanditchulira filimu imeneyo pondipempha kuti ndipanikize gulu langa, ine ndimaona dzanja lomanga lija.

Sindikunena kuti dayirekitala asamasinthidwe. Filimu ya Ratatouille anaiyamba Jan Pinkava, mu 2005 n'kupatsidwa Brad Bird, ndipo yomwe inatuluka mu 2007 ndi filimu yomwe ndimaphunzitsira ana a m'gulu langa za kulemera kwa thupi ndi kayendedwe. Nthawi zina munthu amakhalitsa m'nkhani mpaka osaonanso pomwe yakhota. Ngakhale yathuyi, ndinene zoona, pakati pake pankakokeka, ndipo ena tinkanong'onezana zimenezo. Chiyambi chatsopanochi chikuthamanga bwino kuposa chakale. Koma ndimakumbukiranso Brenda Chapman. Nkhani ya Brave anaitenga pa ubale wake ndi mwana wake wamkazi, anali mayi woyamba kutsogolera filimu yaitali ku Pixar, mu 2010 anamuchotsa n'kuikapo Mark Andrews. Dzina lake linatsala pa filimu ndipo analandira nawo mphoto ya Oscar mu 2013, koma iye mwini ananena poyera kuti zinamupweteka kwambiri. Ngati zinamupweteka iye amene anakwera pa nsanja kukalandira mphoto, nanga ife a m'munsi amene mayina athu amadutsa anthu atanyamuka kale m'mipando?

Mafilimu otsatira anzawo ali ndi vuto lawolawo. Filimu yoyamba imayamba ndi nkhani, deti n'kubwera pambuyo. Yachiwiri imayamba ndi deti. Malo m'nyumba za kanema asungitsidwa kale, opanga zidole alandira kale zojambula, ndipo nkhani imauzidwa kuti ikwanire m'menemo. Ikakanika, chomwe chimasunthidwa ndi munthu, deti ayi. Moana 2 inkapangidwa ngati masewero a pa Disney+, mu February 2024 analengeza kuti ikhala filimu, mu November chaka chomwecho inatuluka, n'kupanga ndalama zoposa madola 1 biliyoni. Bwana aliyense wa situdiyo anaona nambala imeneyo. Mukamuuza kuti nthawi yachepa, amakuyankhani ndi nambalayo.

Chomwe anthu akunja kwa ntchitoyi sadziwa n'chakuti shot ya omit imafa yonse. Sumaloledwa kuiika pa reel, vidiyo ya ntchito zako yomwe umaonetsa pofunsira ntchito, chifukwa ndi katundu wa kampani amene sanatulutsidwe. Ine ndili ndi zaka 8 za ntchito zoonetsa. Mtsikana uja kontirakiti yake ikutha miyezi 4 ikubwerayi, ndipo ma shot ake a acting, omwe akanamupezera ntchito ina, ndi 7 aja. M'menemo munali imodzi ya mwana akubisa misozi potembenukira kukhomo, yomwe animator wa zaka 10 pantchito akanaisirira. Sadzaionetsa aliyense.

Lachinayi tinapatsidwa sequence yatsopano. Ma shot 58, kuthamangitsana pamsika, khwimbi la anthu kumbuyo, kamera yosakhazikika. Nthawi yake masabata 7. Gogo uja akadalimo m'filimu, koma tsopano ndi woseketsa, amamenya anthu ndi ndodo n'kudumpha mpanda. Ndinawerengetsa pamaso pa production manager: kuti tikwanitse, aliyense azitulutsa pafupifupi kuwirikiza kawiri zomwe ankatulutsa. Ndinapempha ma animator atatu owonjezera ndi makina a render. Anati apempha kwa kasitomala, koma pakadali pano azitigulira chakudya chamadzulo. Ndinamuuza kuti m'gulu langa palibe abwere Loweruka popanda malipiro olembedwa papepala, ndipo mtsikana uja sagwira mouse mpaka dokotala aone dzanjalo. Sizinamusangalatse. Ndinalembanso kalata yopempha kuti ma shot a omit a ana ongoyamba aloledwe pa reel yotseka ndi password filimu ikadzatuluka. Anailandira n'kunena kuti aitumiza kwa maloya.

Usiku womwewo ndinalembera mayi uja uthenga waufupi womuthokoza. Anayankha mizere iwiri. Anati apepese gulu lonse, ndipo anafunsa ngati agogo anga ali bwino.

Lachisanu nyama ndinagulabe. Tinaotcha kuseri kwa ofesi, anthu osalankhula zambiri, mphepo ya kuno ikutiuluzira utsi m'maso. Tisanatuluke ndinaitanira gulu m'chipinda cha review, n'kuzimitsa magetsi, tinaonera sequence yathu yonse kamodzi pa sikirini yaikulu, ma shot 5 omaliza aja ali opanda lighting. Wa lighting wina analowa n'kuima kumbuyo mpaka inatha.

Ndili m'njira yopita kunyumba mchemwali anaimba, n'kupereka foni kwa agogo.

"Nanga chithunzi chija chotidzutsa pamphasa chituluka liti?"

"Agogo, asintha akuluakulu a ntchito. Mbali ijayi aichotsa."

"Ndiye kuti ndinadzuka molakwika?"

"Ayi agogo, munadzuka bwino kwambiri."

Anaseka, n'kundifunsa ngati ndikudya mokwanira, kenako anandikumbutsa za feteleza. Ndinati nditumiza mwezi ukatha. Lolemba 9 koloko tili ndi kickoff, msonkhano woyambira ma shot 58, layout yoonetsa poima kamera sinafike, ndipo kalata ija maloya sanayankhe.