Kapu ya ku Istanbul yomwe inakanganitsa amayi ndi amalume

Achemwali anga aakulu aja amapanga geni yokaoda masuti ndi madiresi ku Turkey, ndiye ulendo wathawu atafika anangondiponyera kajumbo amvekere "tenga iwe, suja umakonda zamakedzana." Ine mumtima ndimati ndi nsapato basi, kutsegula ndikupeza kapu ya tiyi, kamaginito komata pafiliji ndi mapositikhadi asanu. Sindiname ndinakhumudwa, munthu kuchoka ku Istanbul konse kuja kudzandipatsa kapu ngati mumsika wa Zomba makapu anatha. Koma pano ndi yomwe ndikumwera tiyi m'mawa uliwonse kuno ku Matawale, mwana akangoikhudza ndimakalipa.

Pakapupo anajambulapo ndi manja, osati chithunzi cha kamera ayi, timizere ta inki takuda kenako nkupakamo kofiirira ngati dothi la katondo. Chinyumba chachikulu, denga lake lozungulira ngati mphika wovundikira, tinsanja tinayi tosongoka m'makona, pansi nkulemba Hagia Sophia 537. Nambala imeneyi ndi imene inandidyera bandulo usiku umenewo chifukwa ndimaona ngati osindikizawo aiwala 1 kumayambiriro. Ayi ndithu, 537 yeniyeni.

Anthu amene anamanga chinyumbachi, omwe mabuku amawatchula kuti ma Byzantine, eni akewo dzinali sankalidziwa nkomwe, ankadzitcha Aroma ngakhale ambiri ankalankhula Chigiriki. Mfumu Constantine inakhazikitsa likulu pamenepo mu 330, mzinda nkutchedwa Constantinople, womwe ndi Istanbul wa leroyu, ndipo ufumuwo unagwa pa 29 May 1453 pomwe Mehmed II, mfumu ya ma Ottoman, Asilamu a ku Turkey, anaulanda. Zaka zoposa 1,100 abale. Tchalitchi chili pakapu yangachi chinabwera chifukwa cha zipolowe, mu 532 anthu anaukira mfumu Justinian nkutentha tchalitchi chomwe chinalipo kale, iye m'malo mongokonza anaitana Anthemius ndi Isidore, anthu a masamu, kuti amange chomwe sichinaonekepo. Zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi chatha. Ine yanga ya zipinda zitatu ili pa lintala chaka chachinayi chino, tisiye zimenezo.

Dengalo ndi lotambalala mamita pafupifupi 31, pamwamba pake kuchokera pansi mamita 55 nkanthu, ndipo m'munsi mwake mwazungulira mawindo 40. Wojambula kapu yanga sanawakwanitse onse, ndinawerenga ndi nsonga ya supuni ndinapeza 12, sindikumudzudzula, kapu ndi kapu. Chomwe chinandisangalatsa nchoti denga loyambalo linagwa mu 558 zivomerezi zitaligwedeza, anachita kumanganso lina lokwererako, ntchito nkutha mu 562. Nawonso amisiri otchuka chonchija zinawakanikapo ulendo woyamba.

Nkhani inavuta Lamulungu lina amalume a ku Chinamwali atabwera kudzazonda amayi. Ndawapatsa tiyi mukapu yomweyo, ayang'ana, amvekere "mphwanga, mzikiti wokongola uwu wautenga kuti?" Amayi ali pamkeka nkuyankha msangamsanga "achimwene inunso, chimenecho ndi tchalitchi, mwanayu wandiuza." Amalumewo ndi Asilamu, amayi ndi a mvano, ndiye mukudziwa kale mmene zinayendera. Ine ndinangoti nonse mukunena zoona. Chinakhala tchalitchi zaka zoposa 900, kenako mzikiti kuyambira 1453, m'nthawi ya Atatürk, mtsogoleri wa Turkey, m'ma 1930 anachisandutsa myuziyamu, mu 2020 chabwereranso kukhala mzikiti. Tinsanja tinayi tomwe amalume analozato si ta ma Byzantine, anachita kuwonjezera ma Ottoman. Ndiye kapu yomwe ogulitsa akuti ndi ya ma Byzantine yanyamula mbiri ziwiri osanena, ndipo tikanachotsa tinsanjato amalume sakanaizindikira, mwinanso achemwali sakanaigula.

Kamaginito ndiye kakuba pang'ono. Pali nkhope ya Theodora mkazi wa Justinian, ndolo ndi mikanda mpaka pachifuwa, maso aakulu okuyang'ana ukamatsegula filiji usiku. Wojambula anayesetsa kuonetsa kuti chithunzi chenichenicho anachipanga polumikiza timiyala ndi timagalasi ting'onoting'ono. Koma chithunzi chimenechi sichili ku Istanbul, chili mu tchalitchi cha San Vitale ku Ravenna, Italy. Achemwali nditawauza anangoti "ndiye ndikabweze?"

Mapositikhadi ena ndinagawa, ndasunga awiri. Ina ndi ya malinga a mfumu Theodosius omwe anatchinga mzinda wa Constantinople zaka pafupifupi 1,000, inayo ndi ya chithanki cha madzi chapansi panthaka cha zipilala 336, pomwe chipilala china chinakhazikika pamutu wozondoka wa Medusa, mkazi wa m'nthano za Agiriki wa tsitsi la njoka. Imeneyi mwana wanga amaiopa.

Tsopano chomwe chakhala chikundisowetsa mtendere nchakuno kwathu. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975. Tili ndi nyumba ya malamulo yakale, tili ndi nyumba ya Masongola yomwe inamangidwa m'ma 1880, tili ndi chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles) chija timangochidutsa paminibasi osatembenuka, mzikiti wa mtauni nawo uli ndi maonekedwe akeake. Pitani kwa ogulitsa ziboliboli kuphiri uko mukaone, njovu, mvuu, bawo, mipando ya mfumu, njovu inanso. Nzokongola sindikukana, koma zomwezo ukazipeza ku Mangochi ndi ku Lilongwe, palibe choti munthu akafika kwawo anene kuti ichi ndi Zomba. Ine ndakulira konkuno koma zaka za Hagia Sophia ndazidziwa chifukwa cha kapu, za nyumba zomwe ndimazidutsa popita kuntchito ndinachita kukafunsa, manyazi ake.

Sabata yatha ndinamupeza mnyamata wina amene amajambula pansalu nkumagulitsa kwa alendo, ndinamuonetsa positikhadi ya malinga ija nkumufunsa ngati angandijambulire nyumba ya malamulo yakale mwanjira yomweyo, timizere ta inki, phiri kumbuyo, chaka pansi. Anaitembenuza kawiri amvekere "biggie, azungu amafuna nyanja ndi mayi wosenza mtsuko, nyumba agula ndani?" Ndinati ndigula ine. Tinanenerera mtengo mpaka ndinatsala pang'ono kuchoka, kenako anati ndimusiyire positikhadiyo aonereko mmene mnzakeyo anapangira mithunzi ya njerwa. Ndamusiyira, koma ndamuuza kuti ikangonyowa ndi mvula ya kuphiriyi tidana. Akuti ndipite Loweruka, ndipo chaka cholemba pansicho ndikapeze ndekha.