Malume sakugona

Malume anga, amene ndimakhala nawo ku Rosettenville kuno ku Johannesburg, adawapeza ndi khansa ya m'kamwa, m'mbali mwa lilime. Fodya adasiya tsiku lomwelo. Tulo nato tidathawa.

Usiku ndimawamva akungotembenuka pamatilesi. Nsima sayikhudza, amamwa phala lamadzimadzi m'kapu, pang'onopang'ono, chifukwa radiotherapy, njira yowotcha khansa ndi makina kuchipatala, yawaumitsa malovu. Koma chikuwadya kwambiri ndi maganizo: lendi, pemiti, ana ku Mangochi odikira ndalama pa Mukuru, ndiponso manyazi poti mawu satulukanso bwino. Foni yakumudzi ikalira amandipatsira ine.

Namwino adatifotokozera za cortisol, homoni (timadzi topangidwa m'thupi) yochokera m'tiziwalo tokhala pamwamba pa impso. Imayenera kukwera m'mawa n'kutsika usiku. Munthu akakhala ndi nkhawa miyezi yambiri, dongosololi limasokonekera: tulo timasowa, shuga amakwera, chitetezo cha m'thupi chimafooka.

Anzawo a kutchalitchi akabwera amangoti, "Limbani mtima, achimwene," kenako n'kuyamba za mpira. Ine mawu amenewo andikwana. Lachisanu ndidapempha adokotala kuti atilembere kalata yokaonana ndi mlangizi wa za maganizo. Malume anyinyirika, akuti iwo si wamisala, koma avomera kuti ndiwaperekeze.