Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Miyezi yomwe ndinkadziona ngati mtolo

Gawo lapitalo ndinalekezera pomwe ntchito ya ku Kanengo inatha. Nditakhala pakhomo kwakanthawi, ndinatenga katapila n'kuyamba kugulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka. Mu Novembala 2023 boma linagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Belo inakwera mtengo, makasitomala anathawa, ngongole n'kumangoberekana.

Anthu akamva kuti munthu ankaganiza zodzipha amathamangira kunena kuti ndi ngongole. Ine ndimakana. Anzanga ambiri pamsika paja anali ndi ngongole zoposa yanga koma ankadya nsima n'kugona. Chinandidwalitsa ine ndi zomwe ngongoleyo inayamba kundiuza mumtima: kuti ndine mtolo, kuti mayi a kunyumba ndi ana angapepukidwe ine kulibe. Linali bodza, koma pa 2 koloko usiku, tulo titakana, linkamveka ngati zoona zenizeni.

Ndinayamba kudzipatula. Foni ndinkazimitsa poopa mwini ndalama, motero ngakhale abale sankandipeza. Kukwaya ndinasiya. Ndinkatuluka m'nyumba ku Area 25 m'mamawa ngati ndikupita kumsika, n'kukathera pa kachasu, ndipo mowawo ukatha m'mutu maganizo ankabwera olemera kuposa dzulo. Kuuza munthu sindikanatha. Tinakula tikumva kuti mwamuna salira, komanso nthawi imeneyo kuyesa kudzipha unali mlandu m'malamulo a dziko lino, ndiye pakamwa panali potseka kawiri.

Mayi a kunyumba ndi amene anaona kuti ndayamba kugawa zinthu zanga, mpaka jekete lomwe ndinkalikonda. Anatumiza uthenga kwa amalume ku Mitundu. Iwo anafika ndi kathumba ka mtedza, n'kukhala nane pakhonde tikuswa mtedzawo osanena kanthu. Kenako anandiyang'ana.

"Mphwanga, ndiuze zoona. Kodi ukuganiza zochotsa moyo wako?"

"Eya, amalume."

Sanakuwe, sanandilalikire. Anangosendeza mpando wawo kufupi n'kunena kuti, "Ndigona konkuno."

Ena amaopa kuti kufunsa chonchi n'kumupatsa munthu maganizo oipa. Ayi ndithu. Funso lija linanditula katundu amene ndinasenza ndekha nthawi yaitali.

M'mawa mwake anatenga kope la mwana wanga n'kulemba ngongole yonse, dzina ndi ndalama zake. Itakhala papepala inali yaikulu ndithu, koma inali ndi polekezera, pomwe m'mutu mwanga inalibe malire. Anapita nane kwa mwini katapila kukapempha kuti ndizibweza pang'onopang'ono. Anauzanso mayi a kunyumba kuti asamandisiye ndekha, ndipo chilichonse choopsa anachichotsa m'nyumba.

Sabata yomweyo anandiperekeza ku St John of God ku Area 43, komwe amathandiza za thanzi la m'maganizo. Ndinkachita manyazi kuti anthu aziti ndapenga. Mlangizi anandifunsa za tulo, za kudya, za mowa, ndipo anandifotokozera kuti kutaya chiyembekezo kotereku ndi matenda omwe amachizika. Tinalemba pakapepala anthu oti ndiziwaimbira maganizo aja akabwera. Anabweradi kangapo, ndipo ndinkaimba.

Amalume pobwerera ku Mitundu anandisiyira ntchito: ndiziwagulitsira mtedza wawo m'tauni muno. Za geni ya mtedzayo ndidzakamba m'gawo 8.